Sabata imodzi ku Joni, ndi kagetsi kofiira

Lachiwiri

Ndafika. Basi yalowa pa Park Station mbandakucha, miyendo itatupa ngati zigwa za chinangwa. Tinanyamuka pa Wenela ku Blantyre Lamulungu m'mawa, kudzera pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Nyamapanda, Harare usiku, mpaka Beitbridge pamene tinatha pafupifupi tsiku lathunthu tili pamzere osadziwa chomwe tikudikira. Agogo anga aamuna ankati Wenela inali bungwe lolemba anthu opita ku migodi ya kuno, n'chifukwa chake depoti ija imatchedwa choncho. Iwo anabwera kudzakumba golide. Ine ndabwera kudzagula zida za pagalaja ndi mabulangete a mayi a kunyumba, sabata imodzi basi.

Kuzizira kwake musanene. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kuposa Dedza, ndipo ino ndi July. Mphepo imalowa m'jekete ngati ili ndi kiyi wake.

Anadzandichingamira ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, amene watha zaka zitatu kuno. Amakhala ku Rosettenville, kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo ntchito yake ndi yoperekera zakudya zomwe anthu amaitanitsa pafoni. Tisanamwe n'komwe tiyi anandikokera panja kuti ndione njinga yamoto yomwe anagula miyezi iwiri yapitayo kwa munthu wina amene anamupeza pa intaneti. Ndi ya 250cc, yofiira, kumbuyo kuli chibokosi cha zakudya. Poyiona patali ndi yokongola ndithu.

Koma ine zaka makumi awiri ndakhala ndikukonza zamagetsi za magalimoto ku Ndirande, ndiye maso anga sathamangira penti. Anagwera pa kachidutswa ka tepi yakuda komwe kanamatidwa pagalasi la sipidomita, pakona.

"Iwe, apa pali chiyani?"

"Aa, malume, wogulitsayo anati galasi linang'aluka."

"Ndiye linang'alukadi?"

Anayamba kukanda m'mutu. Ndinamatula tepiyo, iye n'kuliza injini. Pansi pake panali kagetsi kofiira ka chithunzi cha batire, kakuyaka mosaphethira. Galasi lili bwinobwino. Mphwanga anavomera kuti anakaona kale sabata yoyamba, n'kubwezerapo tepiyo yekha chifukwa kankamusowetsa mtendere akamayendetsa usiku. Batire yomwe inabwera ndi njingayo inafa, anagula ina masabata atatu apitawo, ndipo iyinso yayamba kale kufooka. M'mawa kukazizira amachita kuikankha kutsetsereka kwa msewu wawo kuti ilire.

"Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, malume," anatero akuseka. Ndinamuuza kuti mawa.

Lachitatu

Mmisiri wanji wobwera manja lendelende. Mita yanga yoyezera magetsi ndinaisiya ku Ndirande, ndiye m'mawa ndinakwera takisi kupita m'tauni kukagula ina. Kuno takisi ndi minibasi, ndipo ilibe kondakitala. Ukaimirira pamsewu umaloza chala m'mwamba kusonyeza kuti ukupita m'tauni, ndalama zimadutsa m'manja kuchokera kumbuyo, ndipo amene wakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala ndi amene amawerengera chenji. Ine posadziwa ndinakhala kutsogolo. Thukuta linatuluka ngakhale kunali chisanu.

Mita ndinaipeza ya R160 m'kasitolo kena kufupi ndi siteji ya matakisi ya Bree. Ndinazungulirako pang'ono, ndaona nsanja ya Hillbrow ndi chinyumba chozungulira cha Ponte, koma mtima unali pa kagetsi kaja.

Masana mphwanga anabwera kudzadya, ndipo tinayeza. Batire ya 12V ikakhala yodzadza komanso yapumula imayenera kuwerenga 12.6V kapena kuposerapo pang'ono. Injini ikamalira, makamaka ukaonjezera moto mpaka izizungulira maulendo cha pa 5,000 pa mphindi, nambala ija iyenera kukwera n'kukhala pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Ikakhala pansi pa pamenepo ndiye kuti batire sikulandira zokwanira. Ikadutsa 15V ndiye kuti ikuphikidwa.

Yathu injini itazima inawerenga 12.1V. Pokanikiza sitata inagwa mpaka cha m'ma 9. Injini ikulira payokha, 12.2V. Mphwanga atapotokola moto mpaka 5,000, nambala inakwawa n'kuima pa 12.9V. Kagetsi kanali ndi chifukwa. Magetsi akubweradi koma ochepa, pomwe odya ndi ambiri. Lamulo la kuno limati njinga yamoto iziyenda nyali yakutsogolo ili chiyakire ngakhale masana. Njinga iyi ilibe kabyuleta, mafuta amakankhidwa ndi pampu yamagetsi. Onjezani foni yomwe imakhala patchaja tsiku lonse, ndi sitata yomwe imagwira ntchito pakhomo lililonse lomwe wakasiya chakudya, mwina kamakumi awiri kapena atatu patsiku. Batire yatsopano ija yakhala ikubwereketsa popanda wobweza.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndilemba momwe zinalili. Ndinagwira rekitifaya, kachitsulo ka zipsepse kaja kamene kali pansi pa mpando, komwe magetsi otchaja batire amadzera, n'kuona kuti ndi yakuda, yakalekale. Pa kabaza wa kwathu, anyamata akabwera ndi vuto la tchaji, kawirikawiri chimakhala chimenechi. Ndinanena ndi mawu a munthu wamkulu kuti, "Rekitifaya yafa." Mphwanga sanafunse kanthu. Ndani angatsutse malume ake?

Lachinayi

Jules Street. Ndi msewu wautali wowongoka kuchokera cha ku Jeppestown kulowera ku Malvern, ndipo mbali zonse ndi magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, masipeya, matayala, magalasi, mabampa atapachikidwa ngati nsomba zoyanika. Munthu wa ntchito yanga akhoza kutha sabata pamenepa osamva njala. Ndinagula mabulashi a sitata, ma relay, mafyuzi phukusi lonse, ndi mawaya a mitundumitundu okagwiritsa ntchito kwathu.

Rekitifaya tinaipeza m'sitolo ina pa R480. Wogulitsa analoza chikwangwani kukhoma chonena kuti zida zamagetsi zikatuluka sizibwerera. Mphwanga anatulutsa ndalama mosazengereza, koma ndinaona momwe anaziwerengera kawiri. Ndikudziwa kuti mwezi uliwonse amatumiza kumudzi, mayi ake akumanga nyumba ndipo yafika pa mawindo.

Kunyumba tinamasula mabawuti awiri, kuzula pulagi, kulowetsa yatsopano. Ntchito ya mphindi khumi. Analiza injini, ine mita m'manja.

12.9V.

Ndinazula mawaya a mita n'kuwagwiritsanso, ngati kuti vuto ndi mita. Chimodzimodzi. Kagetsi kali ngwee. Mphwanga anangoti, "Mwina ikufunika kuzolowera, malume." Ulemu wa mwanayu unandipweteka kuposa akanandinyoza. Ndinkafuna kupitiriza kufufuza, koma foni yake inali italira kale kuti kuli maoda, ndipo dzuwa la July kuno limalowa nthawi isanakwane 6 koloko. Anapita kuntchito. Ine ndinakhala ndi rekitifaya yakale m'manja mpaka tiyi atazizira.

Lachisanu

Lachisanu ndi tsiku la ndalama kwa anyamata operekera zakudya, ndiye za kukonza njinga panalibe. Usiku tinali titaika batire patchaja ya mnzake woyandikana naye, ndipo anachoka m'mawa ali ndi chikhulupiriro.

Ine ndinapita ku Fordsburg, ku Oriental Plaza, kukagwira ntchito yomwe ananditumadi. Mabulangete atatu, makatani, nsapato za ana. Ndinadya masamusa otentha, ndinakumana ndi amayi awiri a ku Mangochi amene anandizindikira chifukwa cha mmene ndinkanenerera mtengo. Pobwerera ndinadutsa dala pa mlatho wa Nelson Mandela, womwe unatsegulidwa mu 2003, ndipo pansi pake pali sitima zambirimbiri zitandandalikana panjanji. Ndinajambula zithunzi zotumiza kunyumba.

Foni inalira cha m'ma 9 usiku.

"Malume, yazima."

Inamuzimira pa maloboti mumsewu wa Jan Smuts, kufupi ndi Rosebank, chakudya cha anthu chili m'bokosi. Akuti poyamba nyali inayamba kufiira, kenako manambala a pa sipidomita anazimiririka, kenako injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Njinga ya kabyuleta mwina ikanamufikitsa. Iyi batire ikagwa kwambiri pampu siikankha mafuta, ndipo ngakhale uikankhe mpaka ku Pretoria siilira.

Chomwe chinandikhudza ndi momwe anzake anachitira. Ali ndi gulu lawo pa WhatsApp, Amalawi okhaokha oyendetsa njinga. Pasanathe theka la ola wina anali atatenga chakudya chija kukapereka, wina anabwera n'kuikankha njingayo ndi phazi, iye ali pa yake, mpaka ku Yeoville kumene amakhala. Kusiya njinga pamsewu usiku kuno ndi kuipereka mphatso. Mphwanga anagona konko. Ine ndinagona ndekha m'kachipinda kake, tulo osabwera, ndikuwerengera ndalama zomwe wataya usiku wa Lachisanu kuonjezera pa R480 ija.

Loweruka

Lero ndaphunzira, ndipo wondiphunzitsa ndi mnyamata woti ndikanatha kubereka.

Ndinafika ku Yeoville m'mawa. Rockey Street ili ngati Africa yense anathiridwa m'mbale imodzi: Akongo, Anaijeriya, Azimbabwe, ife. Pamsika ndinaona usipa ndi ufa woyera. Anyamata aja anali atatengera njinga kwa makaniko wawo, amene amagwirira ntchito m'mbali mwa msewu, zida zake zili m'kabokosi ka chitsulo. Nditamupatsa moni m'Chingerezi anandiyankha m'Chichewa choyera. Ndi wa ku Ulongwe, ku Angónia, tsidya la Mozambique kufupi ndi Dedza. Malire aja anangodula mudzi pakati.

Ndinamufotokozera zonse, manambala onse. Anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa funso limodzi.

"Mawaya achikasu munayeza, madala?"

Sindinayeze.

Apa ndilongosole, chifukwa ndi pomwe dzanja la munthu wozolowera magalimoto limaterera. Pagalimoto, alternator ndi chinthu chimodzi, zonse zili m'kati mwake, ndipo ikavuta umaichotsa n'kuiika pabenchi. Panjinga zinthu zake zinamwazikana. M'mbali mwa injini muli chigudumu cha maginito chomwe chimazungulira makoyilo, omwe amatchedwa stator. Makoyilowo amatulutsa magetsi a AC, osinthasintha mbali, kudzera m'mawaya atatu achikasu. Mawayawo amayenda mtunda ndithu, m'malo otentha ndi onyowa, kuti akafike ku rekitifaya, yomwe imawasandutsa DC, oyenda mbali imodzi monga batire imafunira, ndi kuwachepetsa kuti batire isapse. Otsalawo amasanduka kutentha, n'chifukwa chake kachitsuloko kali ndi zipsepse. Ndiye tchaji ikachepa, olakwa akhoza kukhala atatu: makoyilo, rekitifaya, kapena njira ya pakati pawo. Ine ndinagamula mlandu nditamva mboni imodzi.

Mnyamatayo anamangirira batire yake yoyesera, anazula pulagi ya pa rekitifaya, n'kutembenuza mita yanga yomwe kuiika pa AC. Mawaya atatu amapereka mapeya atatu, ndipo onse ayenera kufanana. Woyamba ndi wachiwiri, injini ili pa 5,000, anapereka pafupifupi 60V. Woyamba ndi wachitatu, nambala inkangovina pansipansi. Wachiwiri ndi wachitatu, chimodzimodzi. Waya mmodzi sakufikitsa katundu.

Mmodzi mwa anyamata aja anati, "Basi, stator yapsa," ndipo nkhope ya mphwanga inagwa, poti stator ndi yodula komanso pamafunika kutsegula injini. Makaniko sanayankhe. Anayamba kutsatira mawayawo ndi zala kuchokera ku rekitifaya kutsika, kudutsa pansi pa thanki, mpaka kuseri kwa chivundikiro cha sipuloketi yakutsogolo. Pamenepo panali chotupa cha tepi yakuda, chodzaza girizi ndi fumbi, choti ukhoza kuganiza kuti chinabwera choncho kuchokera kufakitale.

Atamatula, fungo lokha linanena zonse. Inali pulagi ina, yolumikiza mawaya a stator ndi mawaya a njinga. Pulasitiki yake inali itasungunuka mbali imodzi, ndipo kapini kamodzi kanali kakuda bii, kakugwedera ngati dzino la nkhalamba. Zimayamba pang'ono: kapini kakakhwepa kapena kuchita dzimbiri, magetsi amavutika kudutsa, pamatentha, kutenthako kumakhwepetsanso kapiniko, mpaka pamapsa. Mwini wake wakale anaziona, anakulunga tepi, ndipo yotsalayo anakamata pagalasi. Ndinayerekeza zidutswa ziwirizo. Mpukutu umodzi.

Tinayezanso ku mbali ya stator, pulagi yowolayo titaidumpha. Mapeya onse atatu pafupifupi 60V. Injini itazima, pa ma ohm, muyezo wa mmene waya akukanizira magetsi, onse cha pa 0.5, ndipo palibe waya ndi mmodzi yemwe wokhudzana ndi chitsulo cha injini. Makoyilo ali moyo. Mphwanga anapuma mpweya womveka mpaka tsidya la msewu.

Kukonza kwake kunali kodula pulagiyo n'kuitaya, kusenda mawaya mpaka pomwe kopa akuwala, kulumikiza ndi sodala, n'kuvalika timapaipi tija tomwe timafinyika ukatiwotcha. Achikasu atatuwo alibe wamkulu, uliwonse ukhoza kulumikizana ndi uliwonse. Magetsi anali atazima m'dera lonselo kuyambira usiku, zomwe zinandipangitsa kumva ngati ndili kwathu, ndiye chitsulo cha sodala tinachitenthetsa pa kasitovu ka gasi ka mayi wina wogulitsa chimanga chootcha. Apa pokha ndi pomwe manja anga anathandiza. Sodala ndimaidziwa.

Analiza. 14.2V. Kagetsi kanayaka kamphindi n'kuzima.

Anyamata anaimba m'manja, koma makaniko anali asanathane nane. "Madala, yakale ija muli nayo?" Inali m'thumba la jekete, ndakhala ndikuyenda nayo kuyambira Lachinayi. Anaimangirira. 14.1V. Inalibe vuto lililonse.

Anatilipiritsa R150. Ndinamugulira chimanga ndi Fanta, ndipo ndinamufunsa komwe anaphunzira. Anati kwa amalume ake ku Ulongwe, amene ankamumenya ndi sipanala akasintha chinthu asanachiyeze. Onse anayang'ana kwa ine n'kuseka. Mutu waukulu sulewa nkhonya.

Lamulungu

Tinapemphera ndi Amalawi anzathu m'holo ina yochita kubwereka, nyimbo za kwathu, kwaya ya amayi atavala yunifolomu. Titatuluka tinadya nsima ya ufa woyera ndi usipa wa ku Yeoville uja. Njinga inapuma tsiku lonse. Ena anandipatsa makalata ndi timaphukusi toti ndikasiye ku Limbe ndi ku Bangwe, moti chikwama changa chasanduka positi ofesi.

Lolemba

Ndimaganiza kuti nkhani yatha, koma m'mawa ndisanasambe ndinapita kukayeza, poti tsopano ndikuopa kulankhula ndisanaone nambala. Batire inali pa 12.3V, pomwe Loweruka madzulo atayenda nayo inali pamwamba ndithu. Njinga sinayende dzulo. China chake chikumwa usiku.

Iyi ndiye ntchito yanga yeniyeni. Kiyi atachotsedwa, ndinamasula waya wa negativu, n'kuika mita pakati pa wayawo ndi batire, pa ma milliamp, muyezo wa timagetsi tochepa tomwe tikudutsa. Ukachita izi usayerekeze kukhudza sitata, fyuzi ya mita imapsa nthawi yomweyo. Inawerenga 38. Ndinayamba kuzula zinthu chimodzichimodzi. Nditafika pa katchaja ka foni kamene kali pa handulo, nambala inagwa kufika pa 5, yomwe ndi ya kachipangizo kolondolera njinga ikabedwa. Katchajako mphwanga anakalumikiza yekha, molunjika kubatire, opanda fyuzi, ndipo kali ndi kagetsi kabuluu komwe kamayaka usana ndi usiku. Batire yake ndi ya 7Ah basi, ndiwo muyezo wa magetsi omwe imasunga. Kakudya kotereko pa tsiku limodzi kamachotsa pafupifupi 1Ah. Pa batire ya lole sungazindikire, koma pa kabatire aka, kamene kagwetsedwa kale pansi kangapo m'masabata atatu, ndi nkhani.

Ndinakasamutsira pa waya womwe umalandira magetsi kiyi akatsegulidwa, n'kuikapo kafyuzi. Ndinamuuzanso kuti asadzaikenso batire iyi pa tchaja yagalimoto ya mnzake uja, yomwe imathira moto wambiri. Batire yaing'ono imafuna kudya pang'onopang'ono, cha pa 0.7A, usiku wonse. Kaya ipirira mpaka chilimwe kaya ayi, zioneka, poti batire ya mtovu ikagwa pansi kangapo siibwereranso mwakale. Ndinalimbitsanso bawuti ya waya wa ethi pa felemu, yomwe inali ndi dzimbiri.

Masana tinapita ku sitolo ija ndi rekitifaya yatsopano, kungoyesa mwayi. Wogulitsa sanalankhule n'komwe, anangoloza chikwangwani chija. Sindingamunene, anatiuza tisanagule. Tagwirizana kuti yatsopano ikhale panjinga, yakale ndipite nayo ku Ndirande, komwe sipatha sabata wakabaza asanabwere kudzafuna.

Madzulo ndinatulutsa R480 kuti ndimubwezere. Anakana mpaka kukwiya. "Malume, mukufuna amayi akamve kuti ndinakulipiritsani?" Ndinabweza m'thumba. Mita ija ndinamupatsa, ndipo iyi sanakane. Ndinamulembera manambala atatu kuseri kwa chivundikiro cha bokosi lake ndi cholembera chosafufutika: 12.6 itazima, 13.5 mpaka 14.5 ikulira, 15 thawa.

Lachiwiri

Ndikulemba ndili m'basi, tadutsa Polokwane, tikulowera ku Musina. Mabulangete ali pansi m'buti, makalata a anthu ali pamiyendo, rekitifaya yakale ili m'thumba la jekete momwe yazolowera. Kunja kwayamba kuoneka milambe, ndipo jekete ndavula.

Mphwanga anandiperekeza pa Park Station m'mawa, iye panjinga, ine m'takisi ndi katundu, ndipo ulendo uno ndinakhala kumbuyo. Njinga inalira kamodzi kokha ngakhale pampando panali chisanu choyera.

Posachedwapa foni yanjenjemera. Watumiza chithunzi cha mita itagwira pabatire, ali panja pa lesitilanti ina ku Rosebank: 14.1. Kenako chithunzi china, nsapato yake yakutchalitchi, m'kati muli ndalama zopindidwa.

"Malume, mwaiwala katundu wanu."

Ndamuyankha kuti netiweki ikuvuta, tikuyandikira Beitbridge.